Kusandutsa PDF ndi mapepala osikana kukhala mawu oti mungawakonze pa kompyuta

M'masteshonale a pa Kamuzu Road ku Salima ngakhale pa boma la Nkhotakota, pali ntchito imodzi yomwe sichedwa kubwera: munthu wanyamula chikalata cha masamba angapo, kapena wachilandira pa WhatsApp ngati PDF, ndipo akufuna kusinthamo zinthu zochepa chabe. Mlembi wa gulu la alimi a mpunga ku Lifuwu akufuna kukonza ndime ziwiri m'malamulo a gulu. Mphunzitsi ali ndi mayeso a chaka chatha, akufuna kuchotsamo mafunso asanu n'kuikamo ena. Komiti ya asodzi ku Chia ili ndi mndandanda wa mamembala womwe unatayipidwa kalekale, ndipo kompyuta yomwe anatayipira inafa. Ambiri amangokhala pansi n'kuyamba kutayipanso zonse kuchokera pa mutu, masamba 12, dzuwa mpaka kulowa. Mapulogalamu ogwira ntchitoyi m'mphindi zochepa alipo, ambiri mwa iwo ndi aulere, koma chomwe chimatuluka chimadalira zinthu ziwiri zomwe zili m'manja mwanu: chithunzi chomwe mwapatsa makinawo, ndi maso omwe mwawerengera zomwe makinawo abweza. Pa Chichewa, chachiwirichi n'chachikulu kwambiri, chifukwa mapulogalamu ambiri anaphunzitsidwa ndi zinenero zina.

Yambani mwadziwa kuti fayilo yanu ndi yotani

Ma PDF onse amaoneka ofanana pa sikirini, koma m'kati mwake ali mitundu iwiri. Ina inapangidwa kuchokera ku Word kapena pulogalamu ina yolembera, ndipo zilembo zake ndi zilembo zenizeni. Ina ndi chithunzi chabe cha pepala, chojambulidwa ndi sikana kapena foni, n'kuchiveka dzina la PDF. Kuti musiyanitse, tsegulani fayiloyo, kokani mausi pa mzere umodzi. Mawu akadetsedwa limodzi ndi limodzi, muli ndi mtundu woyamba. Tsamba lonse likasankhika ngati chinthu chimodzi, kapena osasankhika n'komwe, ndi chithunzi. Njira ina ndi kudina Ctrl ndi F n'kufufuza mawu omwe mukuwaona ndi maso anu patsambapo, monga "ndi". Ikati sinapeze, ndi chithunzi.

Pali kamtundu kachitatu kosokoneza. Mawu amasankhika bwinobwino, koma mukawakopera n'kuwamata mu Word mumatuluka timabokosi ndi zizindikiro zopanda tanthauzo. Zimachitika pamene wopanga PDF anaikamo maonekedwe a zilembo popanda chosonyeza kuti chooneka chonchi ndi "a", chooneka chonchi ndi "b". Musavutike nayo: itengeni ngati chithunzi.

Komanso, musanayambe zonsezi, funsani amene anakutumizirani ngati ali ndi fayilo ya Word yomwe PDF inachokera. Foni ya mphindi imodzi imapulumutsa ola lathunthu.

PDF ya zilembo zenizeni

Apa ntchito ndi yopepuka. Kuyambira Word 2013 kupita m'tsogolo, Word imatsegula PDF yokha. Tsegulani Word kaye, pitani pa File, kenako Open, sankhani PDF ija. Ibweretsa uthenga wakuti isandutsa fayiloyo kukhala chikalata choti mungasinthe, dinani OK. PDF yoyamba ija siikhudzidwa. Sungani chotulukacho ngati docx, yomwe ndi fayilo ya Word. Izi sizifuna intaneti.

Makalata, malipoti a mawu okhaokha ndi maminitsi a misonkhano amatuluka bwino. Zomwe zimasokonekera ndi mafomu, nyuzi za madanga awiri kapena atatu, ndi masamba odzaza zithunzi. Chifukwa chake n'chakuti PDF sisunga ndime. Imangosunga kuti mawu awa ali pamalo akuti patsamba. Word imachita kulingalira kuti ndime yathera pati, ndipo ikalephera imaika mawu m'timabokosi tomwe timathawathawa mukangowonjezera mzere. Zikatero, n'kwabwino kusiya maonekedwe onse: sankhani zonse, koperani, tsegulani chikalata chatsopano, matani posankha Keep Text Only, n'kukongoletsa nokha.

LibreOffice, yomwe ndi yaulere, imatsegula PDF mu Draw osati mu Writer, ndipo mzere uliwonse umakhala m'kabokosi kakekake. Kukonza deti limodzi kapena dzina lolakwika ndi yabwino ndithu. Kulemberamo ndime yatsopano ndi chizunzo.

Amene sachita mantha ndi kutayipa malamulo ouza kompyuta chochita ali ndi pdftotext, ya m'gulu la Poppler. Kulemba pdftotext -layout malamulo.pdf kumatulutsa malamulo.txt m'kamphindi, ngakhale masamba akhale mazana, ndipo -layout imasunga mipata ya pakati pa madanga.

Chithunzi ndicho maziko

PDF yosikana, chithunzi cha pa foni, kapena pepala lenileni, zonsezi zimafuna OCR, luso lomwe kompyuta imayang'ana maonekedwe a inki n'kuzindikira zilembo. OCR siwerenga ngati munthu. Inu mukaona "chifu wa" pomwe inki inazilala mumadziwa kuti ndi "chifukwa". Makina amangolemba chomwe chikuoneka, kapena amasankha mawu a Chingerezi ofanana nacho. N'chifukwa chake mphindi zisanu zokonzekera kujambula zimachotsa theka la ntchito yokonza zolakwika.

Ngati muli ndi sikana, ikani pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse. Pepala la A4 pa 300 dpi limatuluka ndi mapikiselo (timadontho topanga chithunzi) 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, okwanira bwino zilembo za m'kalata wamba. Masikana ena amabwera atatcheredwa pa 150 kapena 200 dpi kuti mafayilo azichepa, ndipo pamenepo "e" ndi "c" zimayamba kufanana. Zilembo zikakhala zing'onozing'ono, ngati za m'munsi mwa mapangano kapena pa risiti, kwezani kufika 400 ngakhale 600. Kupitirira apo mukungodzaza fulashi. Pa mtundu, sankhani Grayscale. Black and White imaoneka yaukhondo, koma pa pepala lakale lofiirira imadya timizere topyapyala ta zilembo n'kusandutsa madontho a nkhungu kukhala mipumiro. Colour isungireni pepala lokhala ndi chidindo chabuluu kapena chofiira chomwe chagwera pa mawu.

Ambiri sikana alibe, foni ndiyo ilipo. Foni ya masiku ano, ngakhale Tecno kapena itel yotsika mtengo, imakwanitsa, bola muchite izi. Pukutani galasi la kamera. Thukuta la m'thumba ndi fumbi la mwezi wa Okutobala zimachititsa chifunga chomwe simungachione pa sikirini yaing'ono. Yalani pepala pa tebulo lakuda kapena pa nsalu yakuda kuti malire ake azioneka. Jambulirani pakhonde kapena pafupi ndi windo, pamthunzi wowala, osati padzuwa lenileni, ndipo musayatse fulashi ya kamera chifukwa imasiya chigamba choyera pakati pa tsamba. Foni ikhale pamwamba penipeni pa pepala, yogona mofanana ndi tebulo. Mukajambula mopendekeka, mizere ya kumtunda imachepa, ya kumunsi n'kukula. Tsamba lidzaze chithunzi chonse, tsamba limodzi chithunzi chimodzi. Gwirani pa sikirini pomwe pali mawu kuti kamera ilunjike pamenepo, dikirani pang'ono, kenako jambulani. Mukatha, kulitsani chithunzicho ndi zala mpaka muone zilembo za m'makona onse anayi. Kona imodzi ikakhala yosaoneka bwino, jambulaninso pomwepo.

Kuno kunyanja mapepala amamwa chinyezi nthawi ya dzinja, amapindika ngati mafunde, ndipo mizere yokhotakhota OCR imaidula pakati. Pepala lotere lisindikizeni usiku wonse pansi pa mabuku olemera, kapena ikani galasi la chithunzi cha pakhoma pamwamba pake pojambula, kuwala kukubwera cham'mbali kuti galasilo lisanyezimire. Pepala lopyapyala lomwe mawu a kuseri akuonekera, ikani pepala lakuda kumbuyo kwake. Mawu a kuseriwo amazimirira. Buku losokedwa, litseguleni theka, tsamba lomwe mukujambula ligone pansi, linalo liimirire, kuti mawu a kufupi ndi msana asakhote.

Mu pulogalamu ya Google Drive ya pa foni muli Scan, yomwe imadula malire, kuwongola tsamba ndi kuphatikiza masamba ambiri mu PDF imodzi. Adobe Scan imachitanso chimodzimodzi. Microsoft Lens inali yotchuka, koma mu 2025 Microsoft inalengeza kuti ikuisiya, choncho musamangirepo ntchito yanu.

Cholakwa chomwe chimaononga zonsezi chili pa kutumiza. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa kuti chisadye bandulo, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimasungunuka. Chikadutsa m'manja atatu chisanakufikeni, chimakhala chatha. Uzani wotumizayo kuti adine kachizindikiro kolumikizira fayilo, asankhe Document, n'kutumiza chithunzicho mwa njira imeneyo. Chimafika momwe chinajambulidwira. Kuchotsa zithunzi mu foni kupita pa kompyuta, gwiritsani ntchito kebulo.

Pamene netiweki ilipo

OCR yaulere yomwe imachita bwino pa Chichewa kuposa zambiri ndi ya Google Drive. Lowani pa drive.google.com ndi akaunti ya Gmail, dinani New, kenako File upload. Fayilo ikakwera, idineni ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Open with, kenako Google Docs. Dikirani pang'ono, patseguka chikalata chatsopano chokhala ndi mawu. Ngati munakweza chithunzi, chithunzicho chimakhala pamwamba, mawu pansi pake, zomwe zimathandiza poyerekeza. Kuti mutenge ngati Word, pitani pa File, Download, Microsoft Word. Simufunika kuiuza chinenero, imazindikira yokha.

Google yomwe imalangiza kuti fayilo isapitirire 2 MB, zilembo zikhale zotalika mapikiselo osachepera 10, ndipo tsamba likhale loimirira bwino osati chadodolido. Imalandira PDF, JPEG, PNG ndi GIF. Imanenanso poyera kuti matebulo, madanga ndi mawu a m'munsi mwa tsamba kawirikawiri satuluka momwe analili. Malire a 2 MB aja ndiwo amagwetsa anthu: chikalata cha masamba 40 chosikana chimapitirira kutali, ndipo mwina chimakana kutseguka, mwina chimatuluka choperewera popanda kukuchenjezani. Chiduleni m'zigawo. Tsegulani PDF mu Chrome, dinani Ctrl ndi P, pa Destination sankhani Save as PDF, pa Pages lembani 1-5, sungani, kenako 6-10, chonchobe. Mukamaliza, yang'anani mzere womaliza wa chigawo chilichonse kuti muone ngati wafikadi.

Njirayi inapangidwira kompyuta. Pa foni, tsegulani drive.google.com mu Chrome n'kusankha Desktop site pa timadontho titatu ta pakona. Zimatheka, ngakhale zala zimavutika.

Ndime imodzi kapena tsamba limodzi silifuna zonsezo. Google Lens imakwanira: lozani kamera kapena tsegulani chithunzi, sankhani mawu, dinani Copy. Google Keep ili ndi Grab image text. Pa kompyuta, OneNote ili ndi Copy Text from Picture mukadina chithunzi ndi batani la kumanja, ndipo Snipping Tool ya Windows 11 ili ndi Text actions yokopera mawu a pa sikirini.

Masamba a pa intaneti monga iLovePDF ndi Smallpdf amasandutsa PDF kukhala Word mofulumira, koma pa mafayilo osikana OCR yawo nthawi zambiri imakhala m'gawo lolipira. Osadziwa amadawuniloda docx, n'kupeza kuti m'kati muli chithunzi chomwe chija, changosintha dzina.

Mapulogalamu a AI ocheza nawo aja amawerenganso zithunzi, ndipo pa zolemba pamanja nthawi zina amadabwitsa. Vuto lawo ndi losiyana ndi la OCR wamba. OCR wamba ikalephera imatulutsa zinyalala zomwe mumaziona msanga. AI ikalephera imalemba chiganizo chosalala, chomveka, koma chomwe mulibe m'pepalamo. Pa malamulo a gulu kapena pangano la malo, cholakwa chosaoneka n'choopsa kuposa chooneka.

Pamene netiweki palibe, kapena masamba ndi ochuluka

Ofesi ya sukulu ku Thavite kapena tchalitchi cha ku Benga sichingadalire kukweza masamba 200 pa bandulo. Apa pafunika pulogalamu yokhala mu kompyuta momwemo. ABBYY FineReader ndi Adobe Acrobat Pro ndi zolipira, ndipo FineReader imasunga bwino maonekedwe a tsamba ndi matebulo. Steshonale yomwe imalandira ntchitoyi tsiku ndi tsiku ingaganizirepo. Ena tonse, zaulere zikwanira, ndipo zambiri mwa izo pansi pake pali injini imodzi yotchedwa Tesseract. Inayambira ku kampani ya Hewlett-Packard m'ma 1980, inatulutsidwa kuti aliyense aigwiritse ntchito mu 2005, ndipo lero ili pa vesheni 5.

Yosavuta kuyamba nayo ndi NAPS2. Imalumikizana ndi sikana, komanso imalandira zithunzi ndi ma PDF kudzera pa Import. Dinani OCR, dawunilodani chinenero kamodzi kokha muli pamalo a netiweki, chongani kuti PDF izisungidwa ndi mawu ofufuzika, kenako Save PDF. Chotuluka chimaoneka ngati pepala lomwe lija, koma pansi pa chithunzi pali mawu obisika oti mungawakopere. PDF24 Creator ya pa Windows imachita zomwezo, kuwonjezera kudula, kuphatikiza ndi kuchepetsa mafayilo. gImageReader ndi ya amene akufuna kulamulira zambiri: mumajambula bokosi pa danga loyamba, kenako lachiwiri, ndipo imawerenga motsatira dongosolo lanu. Pa nyuzi ya madanga atatu imeneyi ndiyo yankho, chifukwa OCR ikasiyidwa yokha imatha kudumpha kuchoka pa danga lina kupita pa lina mzere womwewo, nkhani ziwiri n'kusanganikirana ngati nyemba ndi chimanga.

Tsopano nkhani ya chinenero. Tesseract ili ndi mafayilo a zinenero zoposa 100, koma la Chichewa mulibe pa mndandanda wake. Mukasankha Chingerezi chokha, imakokera mawu athu ku mawu a Chingerezi pomwe inki yakayikitsa. Chiswahili, chomwe chizindikiro chake ndi swa, chimayandikira kamangidwe ka mawu athu, ndi zilembo zotsatizana monga mb, nd, ny ndi ng', choncho ndi choyenera kuyesa. Makalata athu ambiri amasakaniza zinenero ziwiri, ndiye sankhani zonse pamodzi. Polemba lamulo zimakhala motere: tesseract tsamba1.png zotuluka -l swa+eng, ndipo mawu amapezeka mu zotuluka.txt. Yesani tsamba limodzi ndi eng, lomwelo ndi swa+eng, muwerenge zolakwika, musankhe yomwe yachita bwino pa chikalata chimenecho musanaponye masamba onse.

Zolemba zokhala ndi ŵ, uja wovala kachipewa wa mu Malaŵi ndi maŵa, zili ndi vuto lakelake. Chingerezi ndi Chiswahili chilembo chimenechi alibe, ndiye chimatuluka ngati w wamba, W wamkulu, kapena chizindikiro chachilendo. Chinenero cha ku Wales chili nacho, ndipo mu Tesseract ndi cym. Palinso fayilo ya script/Latin yomwe inaphunzitsidwa ndi zinenero zambiri zolembedwa ndi zilembo zathuzi. Ngati ŵ ndi wofunika m'chikalata chanu, yesani imodzi mwa ziwirizi.

Tesseract payokha sitsegula PDF. Iduleni kaye kukhala zithunzi ndi pdftoppm -r 300 -png chikalata.pdf tsamba, kapena gwiritsani ntchito OCRmyPDF, yomwe imachita zonse pamodzi ndipo ndi --deskew imawongola masamba opendekeka, ndi --rotate-pages imatembenuza ozondoka. Tsamba la ndime zokhazokha likamatuluka losokonezeka dongosolo, wonjezerani --psm 6 pa lamulo la tesseract, kuiuza kuti tsamba lonse ndi chigawo chimodzi cha mawu.

Magetsi akakhala osadalirika, gawani ntchito yaikulu m'masamba 20 kapena 30 ndipo muzisunga gawo lililonse likangotha.

Kupeta zomwe zatuluka

Pulogalamu ikamadzitama kuti imalondola 99 pa 100, werengerani nokha: tsamba la zilembo 2,000 likhala ndi zolakwika 20. Masamba 12, zolakwika 240. Ndipo Word sikuthandizani kuzipeza, chifukwa ilibe dikishonale ya Chichewa. Imangodula mzere wofiira pansi pa mawu onse, olondola ndi olakwika omwe. Zimitsani mizereyo: dinani Ctrl ndi A, pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, chongani Do not check spelling or grammar.

Yambani ndi mizere yoduka. OCR kawirikawiri imaika Enter pamapeto pa mzere uliwonse, kotero mukawonjezera mawu amodzi ndime yonse imakhala ngati mano a sowo. Dinani Ctrl, Shift ndi 8 kuti zizindikiro zobisika zioneke. Ngati pakati pa ndime pali Enter awiri ndipo pamapeto pa mzere pali mmodzi, tsegulani Replace ndi Ctrl ndi H, muchite katatu motsatizana. Choyamba sinthani ^p^p kukhala @@@ (^p amaimira Enter mmodzi). Chachiwiri sinthani ^p kukhala mpata umodzi. Chachitatu bwezerani @@@ kukhala ^p. Mukasemphanitsa dongosololi chikalata chonse chisanduka ndime imodzi yaitali. Ctrl ndi Z ikupulumutsani. Ngati chizindikiro cha kumapeto kwa mzere ndi kamuvi kokhota, gwiritsani ntchito ^l m'malo mwa ^p pa sitepe yachiwiri. Musanachite zonsezi, fufuzani -^p kuti mupeze mawu odulidwa pakati monga "chitu-" ndi "kuko", ndipo muwalumikize limodzi ndi limodzi, osati ndi Replace All. Mindandanda ndi ma adiresi zipatuleni kaye, chifukwa pamenepo mizere yaifupi ndi yofunika. Pomaliza sinthani mipata iwiri kukhala umodzi, mobwereza mpaka Word inene kuti yapeza 0.

Kenako zilembo. Zolakwa za OCR zili ndi chizolowezi, ndipo mukazidziwa mumazisaka mwadala. Chilembo m chimasweka kukhala rn, "mudzi" n'kukhala "rnudzi". Popeza m'Chichewa r satsatana ndi n, kufufuza rn kumagwira zonse, kupatula m'mayina ndi mawu a Chingerezi. Chilembo i chimasanduka l kapena 1, "ndi" n'kukhala "ndl". Zilembo li zikagundana zimawerengedwa ngati h, ndipo d amagawika kukhala cl. Lamulo lothandiza kwambiri ndi lakuti mawu a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, a, e, i, o kapena u. Mu Replace, dinani More, chongani Use wildcards, fufuzani [!aeiouAEIOU]> ndipo Word ikuimitsani pa mawu aliwonse othera ndi chilembo china. Ena adzakhala manambala kapena mayina achilendo, koma ambiri ndi zolakwa zenizeni.

Kachizindikiro kam'mwamba ka mu m'mudzi, n'chifukwa ndi ng'ombe ndiko kamavutika koposa. Pena kamasowa, "m'manja" n'kukhala "mmanja". Pena kamabwera kawiri ngati mitengero, pena kamagwa pansi ngati mpatuliro, pena kamasiya mpata pambuyo pake. Fufuzani mm, m", n", ng" ndi ng yotsatana ndi mpatuliro. Pa ng' chenjerani kwambiri, chifukwa kusowa kwake kumasintha katchulidwe: "ng'ona" ndi "ngona" si zofanana, "pang'ono" kopanda kachizindikiroko n'kolakwika. Kulemba ŵ pomwe wasowa, tayipani 0175 mu Word n'kudina Alt ndi X nthawi yomweyo. Wamkulu ndi 0174. Ngati chilembo cham'mbuyo mwake ndi a, b, c, d, e kapena f, Word imachiphatikiza ku nambalayo n'kutulutsa china, ndiye sankhani kaye 0175 ndi mausi musanadine. Pa "Malaŵi" zimenezi zimachitika nthawi zonse.

Zikalata zakale, makamaka za mipingo, zinalembedwa m'kalembedwe ka nthawi yawo: "cifukwa" m'malo mwa "chifukwa", "mbvula" m'malo mwa "mvula", "pfupa" m'malo mwa "fupa". Izi si zolakwa za makina. Gwirizanani ndi mwini ntchito musanayambe ngati akufuna kalembedwe kakale kasungidwe kapena kasinthidwe.

Mapepala a tayipilaita, ndi fotokope ya fotokope ya fotokope, zimafuna kuona mtima. Riboni ikatha inki zilembo zimaduka, "e" ndi "o" zimadzaza pakati, ndipo matayipilaita ena analibe nambala 1, otayipa ankagwiritsa ntchito l wamng'ono, kotero 1981 imatuluka l98l ngakhale OCR itawerenga molondola. Yesani tsamba limodzi, werengani nthawi yomwe yakutengerani kulikonza. Ikafanana ndi nthawi yolitayipa, tayipani basi.

Manambala ndi matebulo

Mawu olakwika amadziulula okha mukamawerenga, nambala ayi. K150,000 ikatuluka K750,000 palibe chokuchenjezani. Zosokonezeka kawirikawiri ndi 0 ndi O, 1 ndi 7, 5 ndi S kapena 6, 8 ndi B kapena 3, komanso mpatuliro wa masauzande kusanduka mpumiro. Ndalama, madeti, manambala a foni ndi a mapuloti muziwerenge awiri: wina agwire pepala n'kumatchula mokweza, wina ayang'ane pa sikirini. Tebulo lokhala ndi chiwonkhetso pansi lili ndi mlonda wake: lowetsani manambala mu Excel, awonkhetseni ndi SUM, muyerekeze ndi chiwonkhetso cha pa pepala. Nambala ikakhala kumanzere kwa kabokosi m'malo mwa kumanja, Excel ikuiona ngati mawu, kutanthauza kuti muli chilembo O kapena mpata wobisika, ndipo SUM ikuidumpha.

Tebulo la mu PDF ya zilembo zenizeni limatuluka bwino ndi Tabula, pulogalamu yaulere yomwe mumajambula bokosi pa tebulo n'kutenga CSV, fayilo yomwe imatseguka mu Excel. Pa zosikana siigwira. Excel ya Microsoft 365 ili ndi Get Data, From File, From PDF, komanso From Picture ya zithunzi, yomwe imakuonetsani timabokosi tomwe ikukayikira kuti mukonze musanalowetse. Kaundula wa banki m'khonde wolembedwa pamanja, mizere yokhwatchakhwatcha ndi zala za inki, musamuyese n'komwe. Pangani tebulo mu Excel, mutayipe.

Zosayenera kukweza, ndi zosayenera kusintha

Fayilo iliyonse yomwe mwakweza pa tsamba la intaneti yapita pa kompyuta ya munthu wina. Chikalata chokhala ndi manambala a ziphaso za unzika, zotsatira za kuchipatala, malipiro a antchito kapena mayeso omwe ana sanalembe, chigwireni ndi NAPS2, PDF24 kapena Word mu kompyuta momwemo. Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo amene amasunga mbiri za anthu ena, kaya ndi sukulu kaya steshonale, likumukhudza. Pa kompyuta ya aliyense, tulukani mu Gmail mukatha, fufutani mafayilo mu Downloads ndi mu Recycle Bin momwe.

PDF ya zilembo zenizeni yomwe ikukana kukopera, kapena PDF yomwe ikufuna pasiwedi, mwini wake anaitseka dala, mupempheni. Satifiketi ya MANEB, sitetimenti ya ku banki, kalata yokhala ndi chidindo ndi siginecha ya ofesi kapena ya mfumu, kuzisandutsa kuti musinthe dzina, giredi kapena ndalama ndi mlandu wa chinyengo, kwa wopempha ndi wotayipa yemwe. Chikalata chosainidwa chikafuna kukonzedwa, tulutsani chatsopano, chilembedwe deti latsopano, eni ake asainenso.

Posunga, ikani zinthu zitatu mu foda imodzi: chithunzi kapena PDF yoyamba yosakhudzidwa, mawu momwe anatulukira mu OCR, ndi docx yomwe mwakonza, dzina lake likhale ndi deti, monga malamulo-a-gulu-2025-03-14.docx. Mamembala akadzatsutsana pa msonkhano kuti ndime 7 inkanena chiyani poyamba, mudzatsegula yoyamba ija. Kope lina likhale pa fulashi yosiyana kapena pa Drive, ndipo wopempha ntchito mum'patse docx pamodzi ndi PDF, kuti chaka chamawa asadzabwerenso ndi pepala lomwelo m'manja.